Jakisoni wa mumtsempha musanazulitse dzino: mukumukakamiriranji?

Soya ndi fodya zagulitsidwa, m'thumba muli kangachepe, ndiye mano amene akhala akuwawa dzinja lonse akuzulidwa tsopano. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akumafika ku zipatala zolipira n'kuumirira kuti ayambe abayidwa mankhwala opha mabakiteriya a mumtsempha, makamaka ceftriaxone, ati kuti bala lisachite mafinya. Ogwira ntchito enanso akungobaya osafunsa n'komwe, poti wodwala walipira.

Maganizo akale aja akuti jakisoni ndiye mankhwala enieni, mapiritsi n'zachibwana, tidzawasiya liti? Munthu wathanzi wozulitsa dzino limodzi nthawi zambiri safunika mankhwalawa. Bungwe la ku America loona za matenda a mtima, la American Heart Association, m'malangizo ake a 2007 amene linawaunikanso mu 2021, limatchula anthu ochepa chabe oyenera kulandira mankhwalawa, monga amene anaikidwa valuvu yochita kupanga mumtima, amene anadwalapo endocarditis (matenda obwera tizilombo tikalowa m'kati mwa mtima), ndi ena obadwa ndi vuto la mtima. Ngakhale kwa iwowa, choyamba ndi amoxicillin wakumwa, magalamu 2 kwa wamkulu, kutatsala mphindi 30 mpaka 60 kuti azule. Jakisoni ndi wa amene sangathe kumeza.

Mankhwala akalowa mumtsempha palibenso kuwabweza. Thupi likawakana, m'mphindi zochepa munthu amatuluka ziwengo, milomo ndi lilime kutupa, kubanika, BP kutsikiratu. Ena amafera pomwepo, chonsecho anabwerera dzino.

Mlimi wina wa mtedza anandifotokozera kuti ali mnyamata anatupapo nkhope atabayidwa penisilini. Ulendo uno sananene, poopa kuti amubweza dzino likumubaya, ndiponso anali atalipira kale. Atabayidwa jakisoniyo, anakathera m'wodi, mtedza wake uli pamulu kumunda mbewa zikudyerera, ndipo ndalama ya matola kupita ku boma inaposa ya dzinolo. Penisilini ndi ceftriaxone ndi pachibale, ndipo amene anabanikapo ndi woyambayo sayenera kupatsidwa winayo mwachisawawa.

Ngati mankhwala ena anakuwenganipo, nenani musanakhale pampando, ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala. Mukabayidwa musathamangire minibasi, khalani pomwepo mphindi 30. Inu obaya, adrenaline, mankhwala opulumutsira munthu thupi likakana mankhwala chonchi, akhale pafupi: 0.5 mg mumnofu wa ntchafu kwa wamkulu, kubwereza pakatha mphindi 5 ngati sizikusintha. Ngati mulibe adrenaline, musabaye.