Buledi wa rye wa ku Germany: viikani njere usiku

Ngati mukuphika buledi wakuda wa ku Germany wotchedwa Vollkornbrot, wa ufa wa rye (mbewu yofanana ndi tirigu), musathire njere zouma mu ufa. Njere za mpendadzuwa ndi nthanga za maungu zimamwa madzi a m'buledi, ndiye amauma msanga n'kumanyenyeka podula.

Madzulo thirani madzi otentha pa njerezo, olemera mofanana ndi njerezo, muikemo ndi mchere wonse. Vundikirani, zigone. M'mawa sakanizani ndi ufa.

Ufa wa rye umamata, musavutike n'kukanda. Takasani ndi mthiko, muthire m'chitini, kenako salazani ndi dzanja lonyowa.

Akapsa n'kuzizira, mukulungeni pansalu yoyera, musamudule mpaka patatha maola 24. Mkati mwake mumakhala mukulimbabe, ndipo mukafulumira kudula amangomatirira kumpeni.