Mmene mungajambulire mbiri ya agogo aakazi pa foni

Tengani K200 muone nkhope ili pamenepo. Ndi a Rose Chibambo, omwe anawatsekera ku Zomba mu 1959 ali ndi khanda m'manja chifukwa chokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Iwowo timawadziwa, koma nanga amayi omwe ankaphika, kutunga madzi ndi kuvina pamsonkhano wa Kongeresi womwe unachitikira konkuno ku Nkhotakota mu 1960? Ena akadali moyo m'midzimu, angotsala ochepa, ndiye ngati muli ndi agogo aakazi musachedwe.

Foni ikhale yotchaja bwino komanso muli malo, ndipo muyiike pa flight mode kuti munthu asaimbe nkhani ili mkati. Musapite chimanjamanja, kashuga kapena mchere zikwana. Mukafika musayambe ndi foni ayi, khalani pamphasa, funsani za m'thupi, athandizeni kusenda chinangwa kapena kusankha mpunga, kenako muwauze kuti "agogo, ndikufuna mawu anu ndiwasunge kuti zidzukulu zidzamve". Akakana, asiyeni, mudzabwerenso. Anthu a msinkhu umenewo anakula nthawi yomwe kulankhula za boma kunkamangitsa, mantha aja sanathe mwa ena.

Chachikulu ndi ichi, musawafunse chaka. Mukati "1964 munali kuti?" angokuyang'anani. Funsani kuti pa njala ya 1949 anali atabadwa kale, nanga pomwe Kamuzu ankabwera anali ndi ana angati, nanga tsiku la riferendamu mu 1993 anavotera nyali (zipani zambiri) kapena tambala wakuda (chipani chimodzi) ndipo kunyumba abambo anati bwanji. Zaka mudzaziwerengera nokha pambuyo.

Nkhani ya mbumba za Kamuzu, amayi omwe ankamuvinira pamisonkhano, muyigwire mosamala kwambiri chifukwa ndi yosakanikirana, ena amaikumbuka mosangalala, nsalu yatsopano, kukwera lole kupita kutauni koyamba, pomwe ena anasiya mwana wodwala kapena munda wosapalira chifukwa kukana kunali kosatheka, ndipo nthawi zina gogo mmodzi yemweyo akuuzani zonse ziwiri. Musawakonze, musawatsutse. Akakhala chete dikirani, mawu olemera amatuluka pamenepo. Akaiwala, apempheni nyimbo yomwe ankaimba, ya pamtondo kapena ya chimtali, nyimbo imakoka maina a anzawo ndi malo omwe. Ndipo amalume akabwera nkuyamba kuwayankhira, apempheni mwaulemu kuti awo tsiku lawo likubwera.

Ola limodzi ndi lokwanira, amatopa. Pomaliza nenani mu foni momwemo tsiku, dzina lawo, mfunda wawo, mudzi ndi mfumu yaikulu ya dera. Afunseninso ngati pali zomwe sakufuna kuti ena amve, makamaka za chinamwali, zimenezo musaziike pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp. Zotsalazo kopelani pa memore khadi, ina mutumize kwa wachibale wodalirika, foni imatha kugwera m'nyanja.