Momwe mungachitire shoo ya matsenga mma care home kuno ku UK

Ambiri mwa ife kuno tili pa ntchito ya care, nde mukudziwa kale kuti pafupifupi home iliyonse ili ndi activities coordinator, amene amasakasaka zoti agogo azisangalala nazo. Oyimba amabwera pafupipafupi koma wamatsenga amasowa. Chonsecho agogo amenewa anakula akuonera Paul Daniels pa BBC, pulogalamu yake inayenda kuyambira 1979 mpaka 1994, komanso Tommy Cooper wa kachipewa kofiira uja, moti mukangotulutsa makadi nkhope zimawala. Ndikuganiza kuti matiriki angapo mumawatha kale, kuphunzira kwake sindikambapo.

Yambani ndi mapepala. Ma home ambiri amafunsa DBS, chikalata choonetsa ngati munapezekapo ndi mlandu, olo mungokhalamo ola limodzi. Ya basic mutha kufunsira nokha pa gov.uk, ndi £21.50, osadzera mma website ena aja omwe amawonjezera ndalama pa chinthu chomwecho. Ku Scotland amapanga zimenezi ndi a Disclosure Scotland. Amafunanso inshulansi ya public liability, yolipira wina akavulala kapena katundu akawonongeka chifukwa cha inu, ine yanga inabwera ndi umembala wa Equity, bungwe la azisudzo ndi azisangalalo, omwe amakuphimba mpaka £10 miliyoni. Ngati muli pa visa ya sponsorship werengani kaye malamulo a ntchito yapambali musanalandire ndalama kwa aliyense, chifukwa si ntchito iliyonse yomwe amalola.

Zipangizo zikhale zazikulu komanso zowala. Agogo ambiri maso anafooka, tiriki ya khobidi ija yomwe anzanu amaombera mmanja ku pub, wakhala kumbuyo saiona nkomwe. Makadi akuluakulu aja a jumbo, chingwe choyera chonenepa, mipango ya silika yofiira ndi yachikasu, mikombero yachitsulo yolowana ija, zimenezi zimakwana. Zotchipa zapa intaneti samalani nazo, mikombero ina imabwera msoko ukuonekera patali, mipango ina imasuluka thukuta likangoigwira. Bola kusunga ndalama mpaka February kuli msonkhano wa amatsenga ku Winter Gardens ku Blackpool, kumeneko chinthu umachigwira kaye usanagule. Moto ayi, olo kapepala koyaka kaja, ma alamu akalira nyumba yonse imasokonekera. Mabaluni funsani kaye chifukwa ena latex amadana nayo, ndipo likaphulika kwa munthu wovala zothandizira kumva ndi zowawa. Timipira tasiponji tija timaoneka ngati chakudya kwa ena, musatisiye mmanja mwa munthu inu mutatembenuka.

Nthawi yabwino ndi cha mma 11 mmawa kapena 2 masana. Kupitirira 4 koloko odwala dementia, matenda oiwalaiwala aja, ambiri amayamba kusokonezeka ndi kusakhazikika, ma carer mukudziwa zimene ndikunena. Shoo isapitirire maminitsi 40.

Tsopano apa mpamene ndikufuna mumvetsetse. Musabwereke chinthu cha gogo aliyense kuti muchisowetse. Mphete, wotchi, mpango, ndalama, chilichonse. Mmabuku amatsenga amati tiriki imakoma ukagwiritsa chinthu cha woonera, ndipo ku ukwati kapena ku phwando nzoona, koma mu care home ndi nkhani ina.

Ku home ina mayi wina wachikulire anandipatsa yekha mphete yake yaukwati akumwetulira, ndinaikulunga mu mpango nkuisowetsa kuti ikapezeke mu kabokosi kokhoma kamene kanali patebulo kuyambira pachiyambi. Kuchoka posowa kufika potsegula bokosi sipadutsa ndi maminitsi awiri omwe. Koma mmaminitsi awiri amenewo mayi aja anaiwala kuti anandipatsa okha, anayang'ana chala nkupeza palibe kanthu, kutsogolo kwaima mwamuna wachilendo. Anayamba kulira kuti awabera mphete ya amuna awo, amene anali pafupi nawo anayambanso kukuwa, wina akufuna kuimirira wopanda chogwirira chake. Ndinatsegula bokosi pompo nkuwavekanso koma mantha sanachoke, ma carer awiri anawaperekeza kuchipinda ndipo ndinamva kuti mpaka usiku anali akufunsabe za mpheteyo. Dementia imatero, chimene chachitika chimaiwalika msanga koma mantha ake amatsala. Kwa iwo mphete ija ndi imene inkawagwirizitsa ndi amuna awo omwe anamwalira, ndipo zimandipwetekabe ndikaganiza.

Nde pangani chonchi. Fikani msanga mukhale pansi ndi coordinator kapena senior carer, akuuzeni ndani amakonda kutenga mbali, ndani safuna kugwidwa, ndani manja amanjenjemera kapena anachita sitiroko. Matiriki anu akhale otulutsa zinthu osati osowetsa. Mpango umodzi usanduke itatu, maluwa atuluke mu chikwama chopanda kanthu, chingwe chodulidwa chilumikizike. Mukasowetsa chanu chomwe, chibwere nthawi yomweyo. Komanso iwalani zoti "sankhani khadi mulikumbukire", mukuyika munthu pa mayeso omwe angalephere pamaso pa anzake. Muonetseni khadilo gulu lonse, kapena aligwire mmanja mpaka kumapeto. Wothandiza musamuitanire kutsogolo, pitani inuyo pomwe wakhala, gwadani kuti maso alingane, mtchuleni dzina lomwe iye amakonda, ena amafuna Mrs wakutiwakuti ena dzina loyamba. Ndipo woomberedwa mmanja asakhale inu, nenani kuti wachita matsengawo ndi iyeyo. Musawalankhule ngati ana a ku nazale, awa ndi akuluakulu, ena anali aphunzitsi, manesi, ma injiniya, ndipo amadziwa ukamawachepetsa.

Zina zonsezi nzachidule. TV izimitsidwe, mipando ikhale mozungulira ngati uta, inu musaime kutsogolo kwa windo chifukwa nkhope yanu imada ndipo ena amamva powerenga milomo. Lankhulani pang'onopang'ono, kasipika kakang'ono kamathandiza. Wina akagona msiyeni, wina akakuwa kuti waona mmene mwachitira sekani naye mupitirize. Mukamaliza zungulirani kwa mmodzimmodzi ndi katiriki kamodzi, ndipo funsani ngati alipo ogonera mzipinda omwe angafune kuwayendera.

Zithunzi za agogo osajambula, osaika pa Facebook. Zipangizo zomwe agwira pukutani. Za malipiro gwirizanani musanapite chifukwa bajeti yawo imakhala yochepa ndipo ma home a makampani akuluakulu amachedwa kulipira invoice, ena mpaka mwezi. Mukadutsa £1,000 pa chaka pa ntchito yapambaliyi muyenera kulembetsa ku HMRC, a zamisonkho aja. December ndiye amabuka msanga, yambani kuwaimbira mu September.