Momwe mungajambulire anthu akuthamangitsana mufilimu ya pafoni

Achinyamata ambiri ojambula mafilimu kuno ku Lusaka amaganiza kuti liwiro ndi limene limagunditsa mtima wa woonera. Amathamangitsa wosewera kuchoka pa Kulima Tower mpaka ku City Market, kamera ikugwedezeka ngati ili mu minibasi ya ku Chawama, woonera n'kungotsala ndi chizungulire. Chonsecho mantha a mufilimu amabwera pamene woonera akudziwa chimene munthu wa m'nkhaniyo sakuchidziwa.

Choncho yambani ndi kumuonetsa woonera choopsacho. Alfred Hitchcock, katswiri wopanga mafilimu, ankapereka chitsanzo cha bomba lotcheredwa pansi pa tebulo. Likangophulika mwadzidzidzi, anthu amadzidzimuka kamphindi chabe. Koma akaliona likutcheredwa, mtima umakhala m'mwamba nthawi yonse imene a patebulopo akucheza. Nanunso teroni. Mayi akusankha tomato pa msika wa Soweto, kachikwama kali m'khwapa. Tionetseni maso a mnyamata amene waima kuseri kwa matumba a makala. Bwererani kwa mayi uja, akunenerera mtengo, akupempha mbasela. Kenako kwa mnyamata, tsopano wasendera. Palibe amene wathamanga, koma woonera wayamba kale kunong'ona kuti, "Amayi, cheukani!"

Kachikwama kakatsomphoredwa, sungani lamulo la madigiri 180, loti kamera isaoloke mzere umene othamangawo akutsata. Ngati wakubayo akuthawa kuchokera kumanzere kupita kumanja kwa sikirini, womuthamangitsa alowerenso komweko. Kamera ikhale mbali imodzi ya njira mpaka mapeto. Mukangoolokera tsidya lina, awiriwo adzaoneka ngati akuthamanga kuti akakumane, ndipo nkhani yafera pomwepo.

Musajambule mtunda wonse kamodzi. Tengani kaye chithunzi chapatali choonetsa malo onse, kuti tidziwe kumene kuli potulukira ndi mpata umene uli pakati pa awiriwo. Zotsalazo jambulani zidutswazidutswa: mapazi akuponda m'matope, dzanja likukankha wilibala, nkhope ikucheuka. Polumikiza pa kompyuta, zidutswa zoyamba zikhale zazitaliko, ndipo zizifupika pamene wothamangitsa akuyandikira.

Pa foni, ngati pulogalamu yanu ikulola, ikani mafulemu (zithunzi zimene kamera imajambula) 25 pa sekondi ndi shata (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) ya 1/50 ya sekondi. Magetsi a m'Zambia amayenda pa 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi), ndiye mukasiya pa mafulemu 30, mababu ena a m'mashopu adzaoneka akuphethira. Tsekaninso kuwala ndi fokasi (pamene kamera ikuonetsa bwino) kuti zisasinthe, apo ayi foni izidzisinthira yokha wosewera akangolowa pamthunzi.

Akagwirana, pasakhale womenyedwa zenizeni. Ikani kamera kumbuyo kwa phewa la womenyayo, chibakera chidutse patali ndi tsaya ngati utali wa chikhato, womenyedwa aponye mutu kumbali nthawi yomweyo. Yeserani pang'onopang'ono kangapo musanaonjezere liwiro. Phokoso mudzaika pambuyo pake. Menyani kabichi ndi chibakera pafupi ndi maikolofoni, mudzadabwa. Ine ndimakonda kuzimitsa nyimbo masekondi awiri chibakeracho chisanafike, kuti kumveke wefuwefu yekha.

Tsopano nkhani imene sindiichitira nthabwala. Mu Lusaka, munthu wothamanga ndi kachikwama ka mayi pamsika samafunsidwa ngati ali pa filimu. Wina akangokuwa kuti "Kawalala!", miyala yayamba kale. Tsiku lojambula lisanafike, kadziwitseni apolisi a m'deralo ndi akuluakulu a msika, ndipo lankhulani ndi ogulitsa onse a m'njira imene mudutse. Ikani anzanu ovala zonyezimira kumayambiriro ndi kumapeto kwa njirayo kuti azichenjeza odutsa. Mawu okuwawo mukawajambulire kunyumba.

Mfuti ya chidole nayo isatuluke m'chikwama apolisi asanadziwe, ndipo yeniyeni isayandikire n'komwe. Mu 2021, katswiri wa kamera Halyna Hutchins anafa ataomberedwa pamalo ojambulira filimu ku New Mexico, ndi mfuti imene inkayesedwa kuti ilibe chipolopolo chenicheni.

Ngati msika wakukanikani, yesani Lamlungu m'mamawa, m'tinjira ta kuseri kwa Cairo Road. Mashopu ambiri amakhala otseka, magalimoto ndi ochepa, ndipo dzuwa likadali pansi limatalikitsa zithunzithunzi za othamangawo pakhoma. Bwerani ndi anzanu khumi okhala ngati odutsa, madzi akumwa, ndi pawabanki yodzaza.