Kwa ofuna kuyendetsa mathankala a mafuta kuno ku Kasungu

Achinyamata ambiri akangotenga laisensi ya EC (yoyendetsera malole akuluakulu okoka ngolo) amathamangira ku makampani onyamula mafuta, koma amabwezedwa chifukwa alibe umboni woti anayendetsapo galimoto yaikulu. Njira yosawononga ndalama ndiyo kuyamba ndi malole onyamula fodya kupita ku Chinkhoma kapena chimanga ndi soya kupita ku Lilongwe pa nyengo yokolola. Mukamaliza ntchito kwa mwini lole aliyense, mupempheni kalata yosainidwa yosonyeza nambala ya galimoto, kulemera kwake ndi miyezi imene mwagwira, ndipo muzisunga makalatawo pamodzi. Nthawi yomweyo konzani pasipoti ku ofesi ya Immigration ndi chilolezo chonyamulira katundu woopsa ku ofesi ya Road Traffic, popeza mafuta athu amachokera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo bwana sadikira munthu amene mapepala ake sanatuluke.

Makampani amaumirira umboniwu pa chifukwa chomveka. Mafuta amakhuthukira kutsogolo mukaponda mabuleki, ndipo pokhota amakankhira thanki kumbali, makamaka ikakhala yosadzaza, kotero sapereka thankala kwa dalaivala amene sanazolowere katundu wolemera pa msewu wa M1.