Momwe mungaikire sprocket ya crankshaft pa injini ya Toyota 1ZZ-FE

Sprocket ya crankshaft ndi kagiya kokwana m'chikhatho, kamene kamakhala kumapeto kwa crankshaft, kuseri kwa pulley. Ndiko kamakoka tcheni cha timing kuti ma camshaft awiri a pamwamba azitsegula ndi kutseka mavavu pa nthawi yake. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Kagiyaka kakaphonya ndi dzino limodzi lokha galimoto imafooka n'kumanjenjemera, ndipo kakaphonya kwambiri pisitoni imatha kumenya vavu n'kuipinda.

Ndasankha injini ya 1ZZ-FE ya 1.8 chifukwa ndi yomwe yadzadza m'misewu yathu: mumaipeza mu Corolla, Wish, Premio ndi Allion. Ngati yanu ndi ya mtundu wina, njira yake ndi yofananako, koma zizindikiro ndi manambala omangira mabauti muwaone m'buku la injini yanuyo.

Konzani masipanala ndi masoketi, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bauti), masikuludilaiva awiri aakulu, nyundo, kapaipi kachitsulo kokwana kulowa pa mphuno ya crankshaft, silikoni wa injini, oil seal yatsopano ya kutsogolo ndi nsanza zoyera. Ngati mukugwirira pansi pa mtengo monga timachitira ambirife, yalani katoni. Fumbi likalowa m'menemo limakathera m'oyilo.

Yambani ndi kuchotsa waya wa negative pa batire. Timing ya injiniyi ili mbali ya dalaivala, choncho kwezani galimoto, muikhazike pa ma stand, n'kuchotsa tayala lakutsogolo la kumanja. Musadalire jeke yokha chonde. Khetsani oyilo ndi madzi, chirikizani injini ndi jeke mutaika thabwa pansi pa sampu, ndiye muchotse mounting, fan belt, alternator, water pump ndi chivundikiro cha pamwamba. Masulaninso mapulagi kuti injini izizungulira mopepuka.

Musanamasule pulley, zungulizani crankshaft mmene imayendera mivi ya wotchi mpaka kampata ka pa pulley kalunjike pa 0. Yang'anani pamwamba: zizindikiro za pa magiya awiri a camshaft ziyang'anizane, zili pa mzere umodzi ndi m'mphepete mwa chivundikiro cha timing. Ngati sizili choncho, zungulizaninso kamodzi kathunthu. Apa pisitoni yoyamba ili pamwamba penipeni, pomwe amakaniko timati TDC. Jambulani ndi foni. Chithunzi chimenechi chimapulumutsa mutu ukayamba kuzungulira madzulo.

Tsopano masulani bauti ya pulley, chotsani pulleyyo, tensioner (kachipangizo kokunga tcheni) yomwe imamangidwira kunja kwa chivundikiro cha timing, sensa ya crankshaft, kenako chivundikirocho. Mupeza kambale kopyapyala ka mano kamene sensa imawerenga. Katulutseni mukasunge pabwino. Chotsani slipper, kanjanji kamene tensioner imakankha kuti tcheni chikungike, ndiye mukoke sprocket yakale pamodzi ndi tcheni. Ikakana, ipanani ndi masikuludilaiva awiri mbali zonse mofanana, mutatchinjiriza ndi nsanza, chifukwa kuseri kwake kuli oil pump ya aluminiyamu yosachedwa kukandika.

Tcheni chikangochoka, manja asiye kuseweretsa crankshaft ndi ma camshaft.

Pano ndi pomwe ndimafuna muchedwe. Pukutani mphuno ya crankshaft mpaka iwale, ndipo muyendetsepo chala. Pakakhala kadzimbiri kapena kachitsulo kotukuka, palani pang'ono ndi sandipepa wosalala. Kenako yang'anitsitsani kiyi, kachitsulo kakang'ono kokhala m'kangalande ka pa crankshaft, kamene kamaletsa sprocket kuterereka. Kiyi iyang'ane m'mwamba, ikhale yothina m'malo mwake, ndipo m'mbali mwake musakhale modyeka. Ikamagwedera kapena kangalande kakatanuka, kuika sprocket yatsopano n'kutaya ndalama. Ndinaonapo Wish ina yomwe inazunguzidwa m'magalaja angapo, kusinthidwa mapulagi ndi makoyilo, pomwe vuto linali kiyi yodyeka chifukwa wina sanamange bwino bauti ya pulley.

Gundanitsani sprocket yatsopano ndi yakale, muwerenge mano ndi kuyerekeza kunenepa kwake. M'mashopu muli zofanana pamaso koma zosiyana pang'ono. Ndipo ngati mano a yakale anasongoka, dziwani kuti tcheni nachonso chinatanuka. Ine ndimasintha zonse pamodzi, ndi ma guide omwe (tinjanji tomwe tcheni chimatsetserekapo), pakuti ntchito yotsegula apa si yoibwereza mwezi wamawa.

Tcheni cha Toyota chili ndi mfundo zitatu zopakidwa utoto: ziwiri zoyandikanako ndi za pamwamba, imodzi ili payokha ndiyo ya pansi. Kolekani tcheni pa sprocket musanaiveke, mfundo ili payokhayo igwere ndendende pa kachizindikiro ka pa sprocket. Kachizindikiroka kayang'ane kunja, kwa inu. Pakani kaoyilo pang'ono pa mphuno ya crankshaft, lunjikitsani kampata ka m'kati mwa sprocket ndi kiyi, n'kukankha ndi zala.

Nthawi zambiri imalowa yokha. Ikaima panjira, musaigande ndi nyundo pa mano kapena mbali imodzi. Vekani kapaipi kaja kuti katsamire pakati pa sprocket, ndipo gogodani pang'onopang'ono mpaka mumve kulira kwasintha, kusonyeza kuti yafika pamapeto. Suzumirani kuseri ndi tochi kuti muone ngati kiyi sinakankhidwe n'kudzuka. Ikapitiriza kukana, itulutseni muone chomwe chikuigwira.

Kwezani tcheni, mfundo ziwiri zija zigwere pa zizindikiro za tcheni za pamwamba pa magiya a camshaft, osati zoyang'anizana zija. Ngati camshaft ina yatsalira pang'ono, igwedezeni ndi sipanala pa malo a makona asanu ndi limodzi a pa camshaft. Bwezerani slipper, kenako kambale ka sensa kaja, chilembo F chikuyang'ana kunja. Ambiri amagwera apa. Kakatembenuzidwa, kompyuta imalandira nthawi yolakwika ndipo galimoto siilira bwino, mwinanso osalira kumene, inu mutamanga kale zonse.

Palani silikoni wakale, ikani oil seal yatsopano, pakani silikoni mzere wopyapyala, ndipo muveke chivundikiro pasanathe mphindi zitatu. Kanikizani tensioner, muikole ndi kambedza kake, n'kuimanga. Vekani pulley molunjika ndi kiyi ndipo mumange bauti yake pa 138 Nm ndi torque wrench. Kumanga kongoyerekeza ndi paipi yaitali ndiko kunadya kiyi ya Wish ija. Bwezani crankshaft m'mbuyo pang'ono kuti kambedza kamasuke, kenako muizungulize kutsogolo muone tensioner ikukankha slipper ndipo tcheni chakungika.

Musanakhudze sitata, zungulizani injini ndi dzanja kawiri kathunthu. Mukamva yagunda penapake, imani pomwepo, musakakamize. Pulley ikabwerera pa 0, zizindikiro za ma camshaft ziyang'anizanenso ngati pa chithunzi chija. Mfundo za utoto sizibwerera pamalo pake msanga, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Mangani zotsala, mupatse silikoni maola awiri kuti agwire, ndiye muthire oyilo ndi madzi. Ikalira, isiyeni pa idle itenthe, inu mutagwada pansi ndi tochi kuyang'ana ngati pa oil seal ndi m'mbali mwa chivundikiro sipakudontha.