Magazi Akamatuluka Kwambiri, Panikizani Bala Msanga

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Akataya lita imodzi, mtima umayamba kugunda mothamanga kuti otsalawo afike ku ubongo ndi ku impso. Akataya malita awiri, moyo uli pachiswe. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, munthu atha kumwalira m'mphindi zochepa, galimoto yomutengera kuchipatala isanapezeke n'komwe. Choncho inu amene muli pomwepo musadikire dokotala kuti muyambe kuthandiza.

Tengani nsalu yoyera, kapena malaya amene mwavala, muike pabala ndi kupanikiza ndi manja onse awiri, mwamphamvu ndithu. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: timatukula nsalu kuti tione ngati magazi asiya, ndipo potero timachotsa magazi amene anayamba kuundana. Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba pake, osachotsa yoyambayo. Bala likakhala lakuya, lowetsani nsaluyo mkati kenako mupanikize. Ngati mpeni kapena galasi latsalira m'thupi, musalizule, panikizani m'mbali mwake.

Magazi a pamkono kapena pamwendo akakana kusiya, mangani nsalu yotambalala kumtunda kwa bala, masentimita 5 mpaka 7 kuchokera pabalapo, osati pachigongono kapena pabondo, ndipo muipotokole ndi kamtengo mpaka magazi atasiya. Zimapweteka kwambiri, wovulalayo adzakupemphani kuti mumasule. Musamasule. Lembani nthawi imene mwamanga, mukaiuze achipatala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magazi otayikira mkati. Chiwindi kapena kapamba zikang'ambika pangozi, fupa la ntchafu likathyoka, zilonda zam'mimba zikaboola mtsempha, kapena mimba yokhala kunja kwa chiberekero ikaphulika, kunja simuona kanthu. Mugwireni dzanja: khungu lozizira, lathukuta, zikhatho zoyezuka. Amadandaula ludzu ndi chizungulire, kupuma kwake n'kwa befu, mwina ayamba kubwebweta. Ena amasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii ngati phula. Mugonekeni, mumufunditse chifukwa magazi a munthu wozizidwa saundana bwino, ndipo musamupatse chakudya kapena madzi, poti angafunike opaleshoni.

Kwa mayi amene wangobereka, kutaya mamililita 500 kapena kuposerapo m'maola 24 oyamba ndi ngozi. Kawirikawiri chimakhala chiberekero chimene sichinalimbe, kapena chidutswa cha nsengwa chotsalira. Azamba amasisita pamimba mpaka chiberekero chitalimba ndi kubaya jakisoni wa oxytocin, mankhwala othandiza chiberekero kulimba.

Kuchipatala amaika diripi, kuthira magazi, ndi kusoka kapena kumanga mtsempha umene ukutaya. Palinso mankhwala a tranexamic acid amene amathandiza kuti magazi oundana asasungunuke, koma amagwira bwino akaperekedwa pasanathe maola 3. Nyamukani msanga, ndipo mmodzi wa inu apitirize kupanikiza bala njira yonse.